Mlendo Wosakamuka: Chingerezi cha pa Karonga ndi Milandu Yake

Munthu wotsika basi pa depoti ya Karonga m'mamawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha monga lichitira m'chigwa chimenechi, nayenda pang'onopang'ono kulowera kumsika, amamva zilankhulo zinayi kapena zisanu asanagule n'komwe nthochi imodzi: Kyangonde cha eni nthaka a kwa Kyungu, Chitumbuka cha ochokera chakumwera, Chiswahili cha amalonda owoloka pa Songwe ndi katundu wa ku Kyela ndi ku Mbeya, Chichewa cha antchito a boma, ndipo pakati pa zonsezi pamayenda Chingerezi, chimene chilibe mpando wakewake pamsikapo, koma chimalowa m'kamwa mwa aliyense, pano liwu limodzi, apo mawu awiri. Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo uyu anafika ndi sitima za Mandala mu 1884, pamene Monteith Fotheringham anatsegula sitolo ya kampani ya Mandalayo, African Lakes Company, pagombe la Karonga, ndipo kufikira lero sanakamuke. Wamanga nyumba, wakwatira, wabala ana. Ndipo anawo, monga zikhalira ndi ana a mkamwini, nkhope ndi ya atate wawo koma mayendedwe ndi a kwa amayi.

Taonani ena a iwo. Kwa Mngerezi, "hawker" ndi munthu wosenza malonda, woyenda khomo ndi khomo akufuula. Kuno okala ndi kanyumba ka njerwa kapena ka matabwa kokhala ndi zenera limodzi, kamene sikasuntha chaka ndi chaka, ndipo munthu wakhala wosayenda, nyumba ndiyo yatenga dzina lake. "Gain" ndi phindu lotsala malonda atatha. Koma mayi amene akuti ali pa geni akunena malonda enieniwo, ngakhale tsikulo usipa wamuwolera m'dengu ndipo walowa m'ngongole. Siteji, imene kwa eni ake lero ndi nsanja ya ochita zisudzo, kwa ife ndi pamtengo pamene aima maminibasi ndi a kabaza. Chikwangwani cholembedwa kuti hotela, makamaka mukamayandikira ku Songwe kumene Chiswahili chili ndi mphamvu, chikhoza kukulonjezani mpunga wa Kilombero ndi nsomba yokazinga, koma bedi mulibe. Ndipo mnyamata wolemba m'kalata yopempha ntchito kuti atate wake ali "late" sakudandaula kuti mkuluyo wachedwa. Akunena mwaulemu kuti anatsikira kuli chete. Lamya za m'manja zinabwera ndi ana awo nazonso, mayunitsi ndi kuflasha, amene Mngerezi wa ku Leeds angawamve ngati mawu a kwawo koma osadziwa chimene akumupempha.

Pali anthu amene zimenezi zimawapweteka mtima, ndipo si anthu oti n'kuwaseka. Ndiwo aphunzitsi akale, makalaliki opuma, akulu a mpingo, ana ndi adzukulu a iwo amene anakwera phiri la Khondowe kukaphunzira pa sukulu imene Dr Robert Laws anaikhazika kumeneko mu 1894. Sukulu imeneyo inatulutsa alembi, omasulira ndi oimba mawaya a telegalafu amene anakalembedwa ntchito ku Tanganyika, ku Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni, pachifukwa chimodzi chachikulu, chakuti Chingerezi chawo chinali choongoka. Ndipo m'mabanja ambiri a kumpoto Chingerezi choongokacho ndicho chinali munda, ng'ombe ndi cholowa. Tsono iwo akamva mdzukulu akupotoza liwu, akuona cholowa chikumwazika. Ali ndi umboni winanso wosakanika: mwana wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE chinkana akhoze masamu ndi sayansi, ndipo malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 51, amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azidziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Wokonza mayeso sadzafunsa kuti pa Karonga okala ndi chiyani.

Ndinakhalapo pakhonde la mmodzi wa aphunzitsi otere, nkhalamba ya imvi zoti mbuu, imene inkasungabe cholembera chofiira m'thumba la malaya ngakhale inasiya choko kalekale. Mdzukulu wake anali atalemba kalata yofunsira malo pa koleji, nanena m'menemo kuti iye ama-"stay" ku Karonga. Mkuluyo anazunguliza liwulo ndi inki, nagwedeza mutu.

"Mwana wanga, liwu ili ndi la mlendo wogona masiku awiri pa resitihausi. Iwe unabadwira pano, mchombo wako uli kuseri kwa nyumba ino. Lemba 'live'."

"Koma agogo, aphunzitsi athu onse amatero."

"Ndiye chifukwa chake dziko lafika pamene lafikapa."

Mdzukuluyo anakonza, ndipo anachita bwino, pakuti kalata inali kupita kwa anthu okhala ndi zolembera zofiira nawonso. Koma chimene chinandisangalatsa n'chakuti ku Scotland, kwawo kwa Laws ndi kwa amishonale ambiri a Livingstonia, munthu wofuna kudziwa kwanu amagwiritsa ntchito liwu lomwelo la "stay", lero lino monga kale. Ndipo ku South Africa, kumene amuna a kuno anapita miyandamiyanda, amateronso. Chichewa ndi Chitumbuka nazo zili ndi mneni mmodzi, kukhala, wonyamula zonse ziwiri. Kotero chimene mkuluyo anachiyesa chivundi cha ana a masiku ano chikhoza kukhala chizolowezi cha aphunzitsi a aphunzitsi ake, chimene chinapeza malo okonzeka kale m'malilime athu.

Pakuti Chingerezi, ngakhale kwawo komwe, sichinakhalepo chiimire. Aliyense amene anatsegulapo Baibulo la King James la 1611, limene mipingo ina ikuliwerengabe pa mapemphero a m'mawa, adziwa kuti m'menemo "prevent" ndi kutsogola kapena kufika munthu asanafike, pamene lero ndi kuletsa. "Conversation" ndi makhalidwe a munthu, osati kucheza. "Meat" ndi chakudya chilichonse, ngakhale ufa. Ndipo "charity", imene Buku Lopatulika la 1922 linaimasulira bwino lomwe kuti chikondi, lero yatsala dzina la mabungwe ogawa mabulangeti. Liwu lakuti "nice", limene msungwana aliyense amayamikira nalo chitenje cha mnzake, zaka 700 zapitazo linkatanthauza munthu wopusa. Ndipo "silly", limene lero ndi chitonzo, kale linali la munthu wodala. Samuel Johnson, amene anasindikiza dikishonale yake yotchuka mu 1755, anayamba ntchitoyo ali ndi chiyembekezo chakuti adzamanga chilankhulo kuti chisasunthenso, koma pomaliza anavomera yekha m'mawu oyamba a bukulo kuti palibe mlembi angathe kuchita zimenezo. Ngati tsono "prevent" anatembenuka pamaso pa mabishopu a ku Canterbury popanda woimbidwa mlandu, sindiona chifukwa chake "hawker" aziyesedwa wochimwa potembenukira pamsika wa Karonga.

Eni madikishonale anazindikira zimenezi kale kuposa ife. Mu 2020 dikishonale yaikulu ya Oxford inalandira mawu 29 a Chingerezi cha ku Nigeria, ndipo mu 2022 inalandira ena a kum'mawa kwa Africa, pakati pawo "daladala", minibasi ya ku Tanzania imene dzina lake linachokera ku dola, ndi "chips mayai", tchipisi chokazingira pamodzi ndi mazira chimene aliyense wopita ku Kyela anachidyapo. Zinthu zogulitsidwa tsidya lija la Songwe zalowa m'buku la ku Oxford, pamene za tsidya lino tikuzizungulizabe ndi inki yofiira. Ndipo liwu lakuti boma, limene ambiri amalumbira kuti ndi zilembo zoyamba za mawu anayi a Chingerezi onena za ulamuliro wa asilikali a Britain, ndi la Chiswahili, lotanthauza linga kapena mpanda. Azungu oyendera maiko monga Henry Morton Stanley ankalilemba m'mabuku awo dziko lino lisanakhale pansi pa Britain mu 1891. Apo Mngerezi ndiye anabwereka, ndipo ife tinamupatsa ulemu wa chinthu chimene sanapange.

Koma pali malo ena pamene kusiyana kwa matanthauzo kumaleka kukhala nkhani yoseketsa pakhonde. Pa ofesi ina m'boma la Karonga, imene mkulu wake anali mlendo wochokera kutsidya la nyanja, mnyamata wina wa ntchito anabwera m'mawa maso ali psuu, napempha masiku atatu kuti akaike atate wake. Bwanayo anatsegula faelo, napeza kuti chaka chathacho mnyamata yemweyo anapita kale kukaika atate wake. Ndipo nkhope yake inasintha, pakuti m'Chingerezi chimene iye anayamwa munthu ali ndi "father" mmodzi, ndipo ameneyo amafa kamodzi. Kalaliki wamkulu, bambo wachikulire wodziwa mbali zonse ziwiri, anaimirira nati, "Bwana, mwanayu sakunama ayi. Amene anamwalira chaka chatha ndi amene anamubala. Amene wamwalira usiku uno ndi mkulu wawo, amene anamulipirira sukulu, ndipo ndi amene akanapereka ng'ombe za malowolo ake. Kwathu kuno amenewo ndi atate." Bwanayo anayankha kuti malamulo a ofesi amapereka masiku a maliro pa imfa ya kholo, ndipo "uncle" sali m'ndandanda. Mnyamatayo anapita ndithu kumaliro, pakuti sakanachitira mwina, ndipo masikuwo anamudula pamalipiro.

Ndani mwa awiriwa anaphonya Chingerezi? Liwu lakuti "uncle" limaunjika pamodzi anthu amene ife timawalekanitsa mosamala: mbale wa atate, amene ndi bambo wamkulu kapena bambo wamng'ono, ndi mlongo wa amayi, amene ndi malume, ndipo udindo wa awiriwa pa ukwati, pa maliro ndi pa chuma cha masiye ndi wosiyana kotheratu, ndiponso umasiyana pakati pa Angonde, amene mwana ndi wa kuchimuna, ndi Achewa, amene mwana ndi wa kuchikazi. Mnyamatayo akadalemba kuti "uncle" akadanena liwu lolondola la m'dikishonale, koma akadanama za ubale wake. Chodabwitsa n'chakuti ana a m'tauni tsopano atenga ankolo ndi anti n'kuwamwaza paliponse, kotero kuti woyendetsa minibasi ndi ankolo, mlendo aliyense wa atate ndi ankolo, ndipo anti ndi mtsikana wolera ana pamalipiro. Pamenepa ndimagwirizana ndi nkhalamba za inki yofiira, pakuti mwana amene sadziwa kusiyanitsa malume ndi bambo wamng'ono adzasochera tsiku limene mlandu wa munda udzafika pabwalo.

Mawu ena amasintha chifukwa anthu awakana dala, ndipo Karonga ali ndi chitsanzo choposa zonse m'dziko muno. Mu 1912 anthu ophunzira a chigawo chino anakhazikitsa North Nyasa Native Association, bungwe loyamba la mtundu wake mu Nyasaland, ndipo Levi Mumba ndiye anali mlembi wake. Amuna amenewo, ovala makolala ndi olemba makalata aulemu wozama kwa bwanamkubwa ku Zomba, anadzitcha okha "native" popanda manyazi, pakuti liwulo pachiyambi limangonena mbadwa, munthu wobadwira pamalo. Koma liwu limatenga fungo la pakamwa pamene likutuluka kawirikawiri. Ndipo popeza linkatuluka pakamwa pa atsamunda pamodzi ndi msonkho, thangata ndi zitupa, linafika ponunkha. Pamene mabungwe amenewa anaphatikizana mu 1944, Levi Mumba yemweyo ali pulezidenti woyamba, dzina linali Nyasaland African Congress. Mafumu amene lamulo la 1933 linawatcha Native Authority, ufulu utabwera anasanduka Traditional Authority, ma T/A athu a lero. Palibe dikishonale inalamula zimenezi. Komabe "boy", limene linkaitanira bambo wa ana asanu wophika m'khitchini ya mzungu, likadali moyo m'dzina la kanyumba ka kuseri kamene eni nyumba amachititsa lendi, ndipo anthu ophunzira amalilemba pa zotsatsa malonda osamva kanthu.

Tsono tifike pa mlandu waukulu, umene pambali pake za okala ndi geni ndi masewera a ana. Pakati pa 1884 ndi 1886 nthumwi za African Lakes Company zinayenda kwa mafumu a kumpoto kwa nyanja ndi mapepala olembedwa m'Chingerezi, ndipo mafumuwo, amene sankawerenga, anaikapo zizindikiro zawo. Mwa mwambo wa dziko lino mfumu ndi msungi wa nthaka, ikhoza kupatsa mlendo malo omangapo ndi olimapo, koma siingagulitse dziko la makolo ndi la ana osabadwa. Kotero n'kovuta kukhulupirira kuti zimene womasulira ananena pabwalo ndi zomwe zinalembedwa papepala zinali chinthu chimodzi. Koma pamene Harry Johnston anayamba kupereka zikalata za umwini wa malo m'zaka zoyambirira za ulamuliro wake m'dziko lino, mapepala amenewo anasanduka umboni, ndipo maekala oposa 2.5 miliyoni a boma la North Nyasa anawerengedwa ngati chuma cha kampani, chimene pambuyo pake chinagwera m'manja mwa British South Africa Company ya Cecil Rhodes. Kampaniyo inabweza nthakayo mu 1936, koma inasunga ufulu wa miyala ya pansi pake. Anthu analima minda yawo zaka makumi anayi osadziwa kuti m'mabuku a ku London iwo ndi alendo pa munda wa eni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo nyerere za pepala limenelo zinali mawu awiri kapena atatu amene mbali imodzi yokha inali ndi mphamvu yonena tanthauzo lake.

Apa ndipo pagona nkhani, monga ndiionera ine. Mayi wa pamsika akapotoza "gain" kukhala geni, aliyense womumva adziwa chimene akunena, ndipo palibe wotaya kanthu. Koma wolamulira akasankha liwu, amasankha pamodzi ndi chimene anthu aloledwa kudandaula nacho. Anthu a kumpoto akukumbuka bwino za kasankhidwe ka ophunzira opita ku yunivesite potengera boma lochokera, kamene kanayamba m'zaka zomaliza za Kamuzu, khoti n'kukathetsa mu 1993, kenaka n'kubweranso mu 2009 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika. Makolo a ku Karonga, ku Chitipa ndi ku Rumphi, amene ana awo ankatsala ndi mapointi abwino pamene anzawo a mapointi ochepera mphamvu akutengedwa, ankakatcha kota, ndipo Sinodi ya Livingstonia inakatsutsa ndi dzina lomwelo. Boma linkakana dzinalo, n'kumati ndi "equitable access", ndiko kunena kugawana mwayi mwachilungamo. Panali zifukwa zenizeni mbali zonse ziwiri, pakuti maboma ena analidi m'mbuyo pa sukulu kuyambira nthawi ya amishonale. Koma amene wavomera dzina lachiwirilo wagonja kale asanatsegule pakamwa, chifukwa palibe munthu angaime pagulu kunena kuti akudana ndi chilungamo. Zaka zoposa khumi mkangano unali wa dzina pamodzi ndi wa chinthu, kufikira boma linalengeza mu 2020 kuti njirayo yatha.

Ndiponso miyala ija ya pansi sinaleke kubala mapepala. Mgodi wa uranium wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin ya ku Australia, nuima mu 2014 mitengo itagwa. Migodi ya malasha inakumbidwa ku Mwabulambo ndi kwina. Ndipo mu 2016 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena kuti mabanja a m'midzi yozungulira migodi ya m'boma la Karonga sankauzidwa mokwanira za zimene zikuchitika pa nthaka ndi madzi awo, ndi kuti ena anasamutsidwa popanda malipiro okwanira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo ndi chinthu chabwino. Koma chikalata chimene mlimi wa ku Mwabulambo angachipemphe pansi pa lamulolo chidzafika m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake ndi cha maloya.

Pa misonkhano ya pansi pa mtengo, pamene akuluakulu a boma ndi a makampani amakhala pamipando, anthu ali pamphasa, womasulira akafika pa liwu lakuti "compensation" amati chipukutamisozi, ndipo amayi amaomba m'manja. Koma chipukutamisozi, monga achidziwa anthu a kumudzi, chimaperekedwa ndi munthu wovomera kuti walakwira mnzake, ndipo kukula kwake kumakambidwa pabwalo, mbali zonse ziwiri zili pomwepo, poyang'ana kukula kwa chisoni. Pamene liwu la papepalalo silivomera kulakwa kulikonse, ndipo limawerengedwa ndi woyesa wa boma, mtengo wa mango wakutiwakuti, nyumba ya udzu yakutiyakuti, mzere ndi mzere, ndi siginecha pansi pake yotsimikiza kuti nkhani yatha. Manda a agogo, dambo la mpunga limene banja lalima mibadwo inayi, ndi mtunda umene mayi adzayenda kukatunga madzi kumalo atsopano, kawirikawiri zilibe mzere wake. Womasulirayo sananame, pakuti liwu lina loposa limenelo alibe. Koma amene anaomba m'manja ndi amene anabweretsa pepala achoka pamsonkhano atagwirizana zinthu ziwiri zosiyana, ndipo tsiku la malipiro likadzafika, tanthauzo limene lidzatsatidwe ndi la wogwira cholembera.